Ndachepetsa oyilo kuti injini isafuke

Aphungu,

Ndine bambo wa ana anayi, ndimanyamula alendo pa boti kuchokera ku Senga Bay kupita kuchilumba. Injini yanga ndi imodzi mwa zachikale zija zosakaniza petulo ndi oyilo, anandisiyira malemu bambo anga. Imatsokomola, imafuka, koma inali isananditayepo panyanja.

Mwezi watha amanejala a loji imene imandipatsa alendo anaitana eni maboti tonse. Akuti kampani yotumiza alendo yaika lamulo: injini zofuka ayi, zamakono zokha. Ine anachita kundiloza: "Achimwene, yanuyo ndiye chigayo, timaimva fungo tili kukhitchini." Anzanga anaseka. Ine ayi, chifukwa yatsopano sindingaikwanitse.

Mnzanga Haruna anandinong'oneza kuti ndichepetse oyilo mu petulo. Ndinatero, utsi wachepadi. Koma tsopano injini ikutentha ngati mbaula, ndipo ikulira mwachilendo. Dzana inazima pakati pa nyanja, ndili ndi alendo, mwera ukuyamba. Ndinawauza kuti taima dala kuti aone nkhwazi. Iwo akujambula, ine ndikulimbana ndi injini mpaka inalira.

Mkazi wanga Karima akuti ndikapitiriza abwerera kwawo asanavale zakuda. Ndikabwezera oyilo andichotsa pa loji, ndikapanda kubwezera ndikuopa nyanja. Nditani?

S.M., Senga Bay, Salima

A S.M.,

Bwezerani oyiloyo lero, nyuziyi mudzamaliza kuwerenga pambuyo. Oyilo ndi amene amaletsa zitsulo za m'kati kuti zisadyane. A Haruna anuwo akuchiza chifuwa pomutseka wodwala pakamwa. Kutsokomola kumathadi, kungoti mawa lake kumakhala maliro.

Kunena zoona utsiwo si wabwino, ndipo zotsalira zake zimathera m'madzi omwe ana anu amasamba. Chimene chimandiseketsa n'chakuti mlendo wauluka usana wonse pa ndege yomwa mafuta ngati chidakwa, n'kudzatsina mphuno pa kaboti kanu. Koma kuseka kwangaku sikukupatsani alendo.

Pitani nayo injiniyo kwa makaniko weniweni, osati mnzanu wapabawo. Aione mapulagi, atsuke kabureta, akuuzeni muyeso woyenera wa oyilo, komanso ngati masiku apitawa sanaipweteke m'kati. Yosamalidwa imafuka pang'ono kuposa yotayiriridwa.

Kenako musapite nokha kwa amanejala. Anzanu anasekawo ambiri injini zawo n'zaukalamba womwewo, anangoseka poti chala sichinaloze iwo. Pitani limodzi, mufunse lamulolo liyamba liti, mupemphe nthawi, ndiponso muwafunse kuti loji ithandizapo chiyani, popeza ndi iyo ikufuna mpweya wonunkhira. Pakadali pano nkhafi ndi majekete oyandamitsa zisachoke m'botimo, ndipo mwera ukayamba musanyamule munthu.

Mwina akuchotsanibe, sindikunamizani. Koma wochotsedwa pa loji amabwerera kunyumba ndi miyendo yake, mawa n'kukafunsa ntchito yonyamula katundu kudoko la Chipoka. Amene injini yamuzimira pa mwera amakamufunafuna ndi maboti a anzake.

Aphungu