Masamba Omaliza a Abambo

Shiraz,
Mwezi wa Rajabu, chaka cha Chisilamu cha 968

Okondedwa achemwali a Gawhar,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Yazd kumeneko. Kuno tikudzuka, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo woti ndimuuze ndinu nokha.

Paja mukudziwa kuti a Khwaja Nasir, ogulitsa silika aja, anapempha abambo kuti awalembere buku la ndakatulo. Maso a abambo atha, achemwali, kungoti iwo sankavomera. Mizere yawo inayamba kukwera n'kutsika, madontho kugwera pa chilembo cha eni. Tsamba lina mawu analowerera mpaka mu mpata wa pakati, wolekanitsa mbali ziwiri za ndakatulo, mmene mumadutsa mzere wa golide.

A Mirak, ojambula malire a golide, anandikokera pambali. "Iwe Bahram, golide wangayu adutse pati? Pamphuno pa mawu? Bwana akaona izi, dzina la bambo ako likhala nthabwala ya mumsika."

Kuyambira pamenepo, tsamba lililonse limene abambo ankandituma kukapereka kwa a Mirak ndinkalilembanso ndekha, motsanzira dzanja lawo lakale. Pepala la ku Samarkand linali lochepa, ndiye masamba awo ndinkawaviika m'beseni mpaka inki itachoka, kuwayanika, kuwasalaza ndi mwala, n'kulembapo ine. Madzi akudawo ndinkakataya kuseri.

Buku litatha, a Khwaja anaitana anzawo kuphwando la mpunga ndi nyama ya nkhosa. Anakweza bukulo m'mwamba nati, "Aphunzitsi, dzanja lanu labwerera ku unyamata!"

Abambo analandira bukulo, n'kuliyandikitsa kumaso mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza pepala. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anati, "Mchira wa chilembo ichi wathamanga. Wolembayu anali ndi mantha." Alendo anaseka, poyesa kuti akudzichepetsa.

Pobwerera, m'njira abambo anandigwira mkono. Titafika pachipata anaima. "Mwanawe, masamba anga aja ali kuti? Ndi oipa, ndazindikira, koma ndi omaliza. Ndikungofuna kuwagwira."

"Ndinawatsuka, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Pepala ndi losowa. Unachita bwino."

Bola akanandimenya, achemwali. Chichokereni tsiku limenelo sanalembenso. M'mawa uliwonse amatenga bango langa lolembera, kulisongola mopapasa ndi zala, kuliika pambali pa inki yanga, n'kukakhala padzuwa. Ine ndimalitenga, koma limandilemera ngati mtanda wa denga. Ndinkati ndikuteteza dzina lawo. Lero ndikadzifunsa, mwina ndinkakondwanso kuona kuti dzanja langa likutha kunamiza mzinda wonse.

Chonde, pemphani alamu akuperekezeni kuno chisanu chikatha. Pobwera, mufufuze m'bokosi mwanu kalikonse kolembedwa ndi abambo, ngakhale kamzere kamodzi ka pemphero kamene anakupatsani pokwatiwa. Kuno zonse zinapita kwa ogula, ndipo zimene zinatsala ndi zimene ndinataya kuseri zija.

Amayi akupereka moni, akuti musaiwale zipatso za makangaza za kwanuko. Mupsompsone ana anu, Parvin ndi Daud, m'malo mwanga. Abambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Akuti, "Umuuze ndili bwino. Ndikanalemba ndekha, koma mlongo wake ali pompano."

Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,
Bahram