Zaka Zanga za Usilikali Zasowa mu Fayilo

Aphungu,

Wolemba kalata ino ndine mphunzitsi wa pulayimale, wa zaka 52, mbadwa ya kuno ku Chintheche, mkulu wa mpingo, ndiponso msilikali wakale. Sindinazolowere kupempha nzeru m'nyuzipepala, pakuti anthu ndiwo amabwera pakhonde panga kuti ndiwalembere makalata. Lero ndalemba chifukwa m'kabati mwanga muli kalata yodziwitsa boma kuti ndidzapuma pa ntchito pa 31 Disembala 2025, ndipo sindikudziwa ngati ndiipereke kapena ayi.

Mbiri yanga nayi. Ndinayamba kuphunzitsa mu Okutobala 1994, pamene boma linalemba aphunzitsi ambiri osapita ku koleji. Kumapeto kwa Malichi 1997 ndinachoka kukalowa usilikali. Ahedi athu, malemu a Ackson Mhone, anandichenjeza. Anati, "Ada, musathamange. Pemphani kuti akusamutseni, chifukwa uko mukupitako n'kwa boma lomweli." Ine ndinaona ngati kupempha n'kudzitsitsa. Ndinalemba kalata yosiya ntchito, masamba atatu, m'Chingelezi chimene ndinaphunzira kwa abusa okalamba omwe anatilawitsanso Chilatini. Ahediwo anakopera kalatayo pabolodi kuti ana a Sitandade 8 aphunzirepo kalembedwe, ndipo ndinayenda mapewa ali m'mwamba sabata yathunthu.

Ku usilikali ndinakhala mpaka Juni 2006, pamene bondo la kumanzere linavulala, ndipo anandimasula mwaulemu. Anandipatsa ndalama ya kamodzi yotsanzikirana, imene ndinagulira malata a nyumba ndi ukonde wa usipa. Ndinalima chinangwa chaka chimodzi, kenaka ndinapita ku koleji ya uphunzitsi, ndipo mu Seputembala 2008 boma linandilembanso ntchito.

Powerengera ine, nditachotsa nthawi ya kumunda ndi ya ku koleji, pofika Disembala ndidzakhala nditatumikira dziko zaka 29 ndi mwezi umodzi. Ndinamva kuti wogwira m'boma akakwanitsa zaka makumi awiri angathe kupuma ndi penshoni yake. Sukulu yanga ili kumtunda, makilomita khumi ndi limodzi kuchokera pa msewu wa tala, ndipo bondo lija silikufunanso njinga. Choncho ndinaimirira m'tchalitchi ndi kulengeza kuti ndipuma pa ntchito mu Disembala. Amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo wathu, asoka kale nsalu ya patebulo yolembedwa dzina langa, ndipo mlamu wanga Dingani wabweretsa mbuzi kuchokera ku Kande yodzadya pa tsiku londitsanzika.

Sabata yatha ndinapita ku ofesi yosunga mafayilo athu. Kalaliki wake, mtsikana wa ku Dedza dzina lake Stella, anatulutsa kalata yanga ya 1997, yofiira ndi ukalamba. Anati, "Bambo, kalatayi ndaiwerenga kawiri. Ndi yokoma, mawu ena ndachita kufunsa. Koma ikunena kuti munasiya ntchito. Kwa ife kuno munabadwa mu 2008." Ndinamuuza kuti pamene ine ndinkagona m'tchire ndi mfuti, iye anali asanamere mano. Anayankha mosatekeseka, "Zoona, bambo. Koma zogona m'tchirezo m'fayilo muno mulibe."

Kunyumba akazi anga, a Phillis, sananditonthoze. Anati, "Bambo a Fiskani, chinangwa timachitsina kaye tisanachivuule. Inu mwaitana mpingo wonse chikadali gwa m'madzi."

Aphungu, kodi zaka zimene munthu anavala yunifolomu ya dziko lake zingafufutike chifukwa cha pepala? Mtima ukundiuza kuti ndipereke kalatayo, ndikalimbane nawo pambuyo pake. Kuimiriranso m'tchalitchi ndi kunena kuti ndinalakwitsa masamu, ine mphunzitsi wa masamu, n'chinthu chimene sindikuchiona.

W.Z.C., Chintheche


A W.Z.C.,

Kalata yanu ndi yolembedwa bwino, ndipo ndikuganiza kuti vuto lanu lagona pomwepo. Mumalemba msanga kuposa mmene mumafunsira.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Utumiki wanu uli m'zidutswa zitatu. Choyamba, zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi umodzi. Chachiwiri, cha usilikali, zaka zisanu ndi zinayi ndi miyezi itatu. Chachitatu, pofika Disembala, zaka 17 ndi miyezi inayi. Kuphatikiza kwanu n'kolondola, simunalakwitse masamu. Munalakwitsa poganiza kuti zaka zonse zimene munthu anakhetsa thukuta zimalowa m'dengu limodzi. Ofesi ya penshoni imafunsa chidutswa chilichonse kuti munalembedwa motani, munachoka motani, ndipo pochokapo munalandira chiyani.

Chidutswa choyamba musachilire kwambiri. Munali musanapite ku koleji, ndipo n'kutheka kuti munalembedwa monga wongogwirizira. Komanso ngakhale atakukhululukirani kalata ya masamba atatu ija, zaka ziwiri ndi theka kuwonjezera pa 17 ndi miyezi inayi zikupereweranso miyezi iwiri kuti zikwane makumi awiri. Nkhani yonse yatsamira pa usilikali.

Pamenepo ndikuuzeni mosabisa. Mwanena kuti pochoka munalandira ndalama yotsanzikirana. Ngati ndalamayo inali malipiro a utumiki wanu wa kumeneko, ndiye kuti zaka zimenezo sizinasowe: zili padenga la nyumba yanu, zikukutetezani ku mvula. Boma silikonda kulipira chaka chimodzi kawiri. Koma ngati inali chipepeso cha bondo lokha, nkhani ingakhale ina. Ine sindidziwa, inunso simudziwa, ndipo Stella sangadziwe chifukwa mapepala a usilikali sali m'fayilo yake. Mtsikanayo sanakunyozeni. Anakuuzani zimene ahedi anu anakuuzani mu 1997, ndipo nthawi ino mwamva mukadali ndi mpata.

Funafunani chikalata chimene anakumasulani nacho ku usilikali. Ngati chiswe chinadya, lembani kwa osunga mbiri ya asilikali kuti akupatseni china, chosonyeza tsiku lolowa, tsiku lotuluka, ndi dzina la ndalama imene munalandira. Mukachipeza, lembani kalata kudzera kwa ahedi anu a tsopano, yopempha kuti akuuzeni papepala zaka zimene boma likuzivomereza, ndiponso ngati za usilikali zingalumikizidwe ndi za uphunzitsi. Tsamba limodzi, a W.Z.C. Madeti ndi pempho, popanda Chilatini. Sungani kope, ndipo yankho la pakamwa musalitenge ngati yankho.

Za bondo, ili ndi khomo lina limene simunagogode. Pitani ku chipatala cha boma akakupimeni ndi kukulemberani. Ndi pepala limenelo mungapemphe kusamukira ku sukulu ya m'mbali mwa msewu, kumene minibasi imafika. Ngati madokotala aona kuti simungathenso, funsani za kupuma pa chifukwa cha matenda, komwe kuli ndi malamulo ake. Onse awiriwo ndi mapempho. Ndikudziwa kuti mawu akuti kupempha amakuwawani kukhosi, koma kukana kupempha kwakudyerani kale zokwanira.

Zikakanika zonse, zaka makumi awiri zidzakwana kumapeto kwa Ogasiti 2028. Kuchokera Disembala ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu. Munthu amene anapirira m'tchire zaka zisanu ndi zinayi angathe.

Chenjezo langa nali. Kalata yoopsa si ya 1997; imene ija inachita kale zake. Yoopsa ndi imene ili m'kabatiyo. Mukaipereka zaka zisanatsimikizidwe, n'kuleka kupita ku sukulu mu Januwale, angakuwerengeni monga munthu wosiya yekha ntchito, ndipo zaka 17 zomwe palibe akukutsutsani nazo mungaziike pa ngozi. Manyazi a m'tchalitchi ndi a Lamulungu limodzi. Pofika Lachitatu anthu adzakhala akukamba za mtengo wa usipa. Koma penshoni ikavuta, a Phillis adzavutika nanu mpaka kumanda.

Tsono chigamulo changa ndi ichi, ndipo ndachisainira. Kalatayo isatuluke m'kabati kufikira boma litakuyankhani papepala. Lamulungu likubwerali imirirani pamalo pomwe munaimirira paja, munene m'mawu ochepa kuti tsiku lasunthidwa. Nsalu ya amayi ipindidwe, siiola. Mbuzi ya a Dingani, ngati ndi yaikazi, ipititseni kwa tonde. Pofika 2028 mudzadyetsa mpingo wonse, ndipo mwendo umodzi mudzatumize kwa Stella.

Ndine,
Phungu wanu