Yofiira Ija Sibwera, Nditumizireni Lona la Bambo

Achemwali anga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, ndipo mundiyankhe zoona, osati zija za tili bwino zimene mumandipatsa pafoni mayi akakhala pafupi. Bondo lija linasiya kutupa? Nanga mayi, mankhwala a mtima aja akumwa, kapena akuwabisabe pansi pa pilo? Bambo a ana ndi ana omwe ndikhulupirira ali bwino.

Ine thupi lili bwino. Ku nazale ntchito ikuyenda, mbande zakula, zikungodikira mvula. Zina zonse sizili bwino, n'chifukwa chake ndasankha pepala. Pafoni mumandidula mawu, komanso m'nyumba ya achimwene munthu ukatsokomola kuchipinda, alamu amakuyankha ali kukhitchini.

Nkhani ndi iyi: galimoto yofiira ija ili pa chithunzi chimene achimwene anatumiza kumudziko sibwera. Siinagulidwe. Amene waletsa ndine. Mudzamva zambiri kuchokera kwa eni ake, ndiye ndati mumve kaye za ine wopanda ulemune.

Mukudziwa kuti ine ndi achimwene tinagwirizana kusonkha, theka iwo theka ine, kuti tigule pikapu yakale. Iwo ankaifuna yonyamulira katundu wa kushopu, ndi yopitira kudamu Loweruka kukawedza ndi anzawo. Ine ndinkaifuna pa chinthu chimodzi. Pali bambo wina akumanga nyumba zogona alendo kuphiri, kunja kwa tawuni, ndipo akufuna munthu womupititsira mbande za mitengo, kapinga ndi manyowa dzinja lonse lino. Anandiuza mosabisa kuti ntchitoyo apatsa amene ali ndi galimoto yakeyake, ndipo ndikapanda kufika ndi katundu woyamba Lolemba likudzali, aitana ena. Achemwali, ndatopa kudzaza dothi m'machubu a munthu wina. Khomo langa lotulukira ndi limeneli, lina sindikuliona.

Loweruka lapitali tinapita kukaona yofiira ija. Achimwene anali ataiona kale popanda ine, tsiku limene anajambulitsa atatsamira pachitseko ngati mwini wake. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi, natenga anzawo awiri a kudamu, ngati tikupita kukalandira mphoto. Munthu wopita kukanenerera mtengo amavala jekete? Panjira anandilangiza kuti pamalonda amayankhula ndi wamkulu, ine ndikangoyang'ana ndi maso. Ndinavomera. Maso ndi amene ndinapita nawo.

Wogulitsayo ndi mkulu wina amene onse amamutcha Dzino la Golide. Ali ndi bwalo la galimoto zakale kuseri kwa malo omwetsera mafuta, lotchingidwa ndi malata, galu womangidwa pakona. Atangoona jekete ija anayamba kuti abwana, abwana, achimwene n'kutupa ngati chule. Galimotoyo inali itatsukidwa mpaka matayala akuwala. Anaimika injini ikulira kale ife tisanafike. Amuna aja anazungulira kutsogolo, kuyamikira wailesi, kukangana za kuti mbedza ndi mipando yopinda zizikhala pati.

Ine ndinalowa m'kati. Fungo la mafuta onunkhira linali loti munthu n'kuyetsemula, ndipo palibe amathira mafuta ochuluka chotero pamalo posanunkha. Ndinakoka lamba wa pampando mpaka kumapeto kwake, ndinapeza mzere wa matope owuma. Ndinapisa dzanja pansi pa kapeti, ndinatulutsa dothi lotuwa, losalala ngati ufa. Dothi limenelo si la pamsewu, ndi la mumtsinje. Zitsulo za pansi pa mpando zinali zofiira ndi dzimbiri, kunja kukuwala. Maphunziro a za nthaka aja sanandipatse pepala, koma zala zanga sizinaiwale. Galimoto ija inagona m'madzi osefukira mpaka m'mawindo. Zoterozo zimayenda bwino lero ndi mawa, mawaya akuwola m'kati mwakachetechete, kenako zimakufera pakati pa chitunda katundu ali kumbuyo.

Mundimvetse apa, chifukwa adzakuuzani kuti ndinangoyamba kulalata. Ndinawaitanira pambali achimwene, ndinawanong'oneza, dothi lili pachikhatho. Iwo anaseka mokweza n'kutembenukira kwa amuna aja. Anawauza kuti asandidandaule, ndine wa digiri ya theka, ndikaona dothi paliponse ndimafuna kudzalapo mtengo. Onse anaseka. Dzino la Golide anati matopewo ndi a potsuka, galimotoyo inali ya mayi wina wokalamba amene ankangopita nayo kumsika. Ndinamufunsa ngati msikawo unali pansi pa mtsinje. Ndinawakumbutsanso achimwene za firiji ija anagula chifukwa inali ndi galasi pachitseko, imene mpaka lero alamu amasungiramo mbale. Anandiuza kuti ndikadikire kunja kwa mpanda, apa ndi pa amuna, ndipo anabwerezanso za digiri ya theka ija. Pamenepo ndinayankha.

"Theka linalo munadyera pa ukwati wanu, achimwene."

Palibe anasekanso. Mukudziwa inunso kuti sindinaname: ndalama za chaka changa chomaliza zinapita ku mahema ndi kwa oimba, ndipo aliyense kunyumbako anati ndidikire chaka chamawa. Chaka chamawacho ndikuchidikirabe. Achimwene sanandiyang'ane. Anagwira dzanja la Dzino la Golide pamaso pa anzawo, nanena kuti Lachitatu tibwera ndi ndalama.

Tibwera. Ndi ndalama za ndani?

Lolemba m'mawa ndinapempha nthawi kuntchito, ndinapita kwa mdala wina amene ankaperekera mazira m'mashopu. Maso ayamba kumuvuta, ana ake amuletsa kuyendetsa, ndiye pikapu yake akuigulitsa. Ndinamufikira osamuuza, kuti injini ndiipeze yozizira, ndipo inalira nditangopotokola kiyi. Ndinamupempha kuti tikwezemo matumba a chakudya cha nkhuku, ndinayendetsa ndekha mpaka pamwamba pa chitunda cha kwawoko, iye ali pambali kugwira mpando ndi manja awiri. Inakwera. Pansi pa kapeti pali nthenga ndi makoko a mazira, basi. Lachiwiri ndinakatenga gawo langa, langa lokha, ndinaigula. Dzina lolembedwa m'buku la umwini wa galimotoyo ndi langa.

Sindikunamizani kuti ndi yokongola. Inali yoyera kalekale. Chitseko cha mbali inayo chimatseguka pokhapokha ukachitsegula uli kunja. Giya yachiwiri imadumpha ukapanda kuigwirira ndi dzanja. Ilibe wailesi, ndipo imanunkha nkhuku moti ntchentche zimaiperekeza. Matayala akutsogolo asalala ngati mutu wa malume, ndipo zogulira ena sizinatsale.

Lachitatu achimwene anaweruka msanga, jekete ili pathupi, nandipeza ndikuitsuka panja pa chipata. Anaizungulira. Anasuzumira kumbuyo, anakankha tayala ndi nsapato, anafunsa kuti chinthuchi n'cha ndani. Nditawauza, anafunsa za gawo langa. Ndinawalozera galimotoyo. Alamu anatseka windo la pabalaza, sindikudziwa ngati chinali chifukwa cha fungo kapena kuti aneba asamve. Gawo la achimwene palokha silingagule yofiira ija, ndiye anaimbira Dzino la Golide ali chiimire pamsewu, kupepesa ngati mwana wasukulu wochedwa, uku akundiyang'ana. Anzawo a kudamu anali atagula kale nyambo.

Chakudya changa tsiku limenelo ndinachipeza chitavundikiridwa kumapeto kwa tebulo. Zoti ndizimitse getsi la pakhonde anandiuza kudzera mwa alamu, ife titakhala m'chipinda chimodzi.

Lero m'mawa ndi pamene andiyankhula. Anaima pakhomo la chipinda changa, osalowa. Anati ndawachititsa manyazi kawiri, pakamwa ndi pandalama, ndipo m'tawuni muno munthu wobweza dzanja limene wapereka sagulitsidwanso kanthu. Anati ndigulitse chikhola cha nkhukucho, ndalama zibwerere pamodzi, ndikapepese pamaso pa anzawo aja. Ndinafunsa kuti ndikakana? Anayankha osakweza mawu.

"Mwezi ukatha, chipinda chino ndichifuna."

Ndinawauza kuti ndamva. Sindinalire, musadandaule, sindinawapatse zimenezo. Ndinasesa chipinda chawocho, ndinapita kuntchito pa galimoto yanga, giya ndikuigwirira.

Chimene chikundiwawa kwambiri si chimenecho. Alamu anandiuza mwa dala kuti mayi akuyenda ndi chithunzi chija m'chikwama, kuonetsa amayi anzawo kutchalitchi, ndipo anaitana anthu kudzakulitsa chipata kuti yofiirayo izidzalowa bwino. Akuti mgwafa uja malemu bambo anadzala pakona adula. Ndi zoona, achemwali? Mtengo wathunthu kugwa chifukwa cha galimoto imene munthu anangotsamira? Inu munali kuti? Ndikudziwa, munali pomwepo, mumati zikomo kwa odulawo. Kwathu mwana wamwamuna akatumiza chithunzi, nkhwangwa imatuluka tsiku lomwelo. Ine ndinatumiza zotsatira za mayeso zaka zonse zija, palibe anasuntha ngakhale mpando.

Sindikukupemphani kuti mutiyanjanitse. Musandiimbire kundiuza kuti wamkulu ndi wamkulu, ndinayamba kuzimva ndisanamere mano. Mayi muwauze m'mene mukuonera kuti mtima wawo upirira. Mukafuna, muwauze kuti yanga ndi yopapatiza, ikanalowa pachipata chakale mgwafa uli chiimire.

Koma kwa inu nokha ndinena izi. Ndili ndi mantha. Msewu wa kuphiri ndi wadothi lofiira, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana masana. Mvula ikagwa Lamulungu, ndi matayala amenewa, sindikudziwa. Ndikakanirira pachitunda chija ndi mbande za eni ake kumbuyo, ntchito ipita, ndalama zapita kale, chipinda chikupita, ndipo achimwene adzakhala olondola mpaka imfa. Yofiira ija mwina wina aigula, iyenda zaka ndi zaka osatsokomola, ndipo ndizidzakumbutsidwa pamaliro aliwonse. Dothi lija ndinaliona, ndinaligwira, ndikudziwa chimene ndikudziwa. Komabe ndikamadzaza machubu, maso amangokhala kumitambo.

Pempho langa ndi limodzi. Nditumizireni lona la bambo, lobiriwira lija ankafunditsira matumba. Lili m'chipinda chosungira katundu kuseri, pamwamba pa mitanda, pamene pali njinga yothyoka ija. Zingwe zake zili m'chidebe chapansi pake. Mbande zikayenda pamtunda popanda chofunda, mphepo imaziwotcha masamba, zimafika zitafota, ndipo bambo wa kuphiri uja si munthu wolandira zifukwa. Ngati makoswe aboola, musalisiye, ndisoka ndekha. Kalatayi ndapatsa dalaivala wa basi ya Lachisanu, wamtali uja amakutchani aphunzitsi. Lonalo mumupatse pobwerera Lamulungu, ndikamudikira pa siteji.

Musawafunse achimwene. Adzati zonse za bambo ndi za mwana wamwamuna, ngakhale lona limene sanalipindepo chibadwire. Ine ndi amene ndinkagwira mbali inayo bambo akamalitambasula, inu mukudziwa.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti amwe mankhwala, nkhani ya galimoto isawakwezere magazi. Moni kwa bambo a ana, kwa ana anu onse, makamaka wamkazi uja amayankha akulu; musamumenye pakamwa, adzapafuna. Moni kwa malume, koma za matayala zija musawawerengere. Moni kwa azakhali, amene ndikudziwa kuti amva nkhani yonseyi dzuwa lisanalowe.

Dzulo nditatha kutsuka ndinakwera kumbuyo kwa galimoto, ndinagona chagada kuti ndione kutalika kwake. Ndikukwanamo, ndipo kumapazi kukutsala malo a sutikesi. Ndiye lonalo mulipinde bwino, mutumize ndi zingwe zonse. Lolemba lifunda mbande. Mwezi ukatha, tiona chimene lifunde.

Ndine mng'ono wanu,
uja wa pakamwa.