Chifuwa cha Asiyatu

Amayi, kodi kumene muliko muli bwanji? Lero ndi Lachitatu, ndikulemba nditakhala pabenchi ya kuchipatala. Ndiyambe ndi zoyamba.

Mutatisiya, mpongozi wanu Patuma anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, Asiyatu. Anali atayamba kukwawa. Mpunga chaka chino madzi anaukokolola kudambo, chinangwa chokha ndiye chikutisunga. Bwato la amalume linang'ambika, zakunyanja ndinasiya.

Mukukumbuka timagalimoto tamalata tija, munkandikalipira kuti ndikukutherani zitini? Ndi timeneto tikutidyetsa. Ndimadula zitini za mafuta, matayala ndimasema mapatapata akutha, n'kukagulitsa pamsewu ku Dwangwa. Munkati ntchito ya manja siigoneka munthu ndi njala. Njala sitinagone nayo, koma ntchitoyi yandibweretsera china.

Dalaivala wina anati ndimupangire kaminibasi kofanana ndi yake, koyera, mzere wabuluu, kakakongola anzake apasiteji adzafunanso. Anakaniratu mizere ya bulashi. Ndiye ndinagula penti wopopera wa m'chitini uja. Ameneyu ngovuta, amayi. Umayamba wakwecha lata ndi sandipepa, n'kumata mawindo ndi tepi, n'kukhutchumula chitini mpaka kampira kam'kati kalire. Ukapopera pafupi penti amayenderera, ukatalikira amagwa ngati fumbi. Amafuna pang'onopang'ono, aume, ubwerezenso.

Ndinapopera panja, kuseri kwa bafa. Tsiku lomwelo nkhungu, tizilombo touluka tija, zinatuluka m'nyanja n'kumatirira papenti wosauma, galimoto yonse madontho akuda. Ndinakwecha, m'mawa mwake ndinapoperanso, mphepo inathira mchenga. Chitini chinayamba kupepuka. Basi ndinalowa nako m'nyumba, ndinatseka chitseko, pazenera ndinatchinga chiguduli. Mwana anali mtulo kuchipinda. Mukudziwa pakhomo la kuchipinda palibe chitseko, ndi nsalu chabe. Ndinkaganiza kuti ikwanira.

Kaminibasi kanatuluka kosalala ngati mbale yatsopano. Anzake anaitanitsadi, sabata yonse ndinapopera momwemo. Patuma ankadandaula mutu, ine n'kumati fungo silipha munthu.

Loweruka Asiyatu anayamba kutsokomola. Pofika Lolemba m'chifuwa munkalira ngati kamwana ka mphaka, akamakoka mpweya nthiti kulowa m'kati. Kenako anasiya kulira. Munkati mwana wolira ali ndi mphamvu, woopsa ndi wachete. Nditakumbukira zimenezo ndinathamangira kabaza.

Adokotala sananene kuti ndi penti, sananenenso kuti si penti. Anangofunsa zimene timapuma m'nyumba mwathu, Patuma n'kundiyang'ana. Chiyambire pamenepo Patuma amangondiuza zofunika kugula. Mwana amuika timachubu m'mphuno, kuyamwa akuyamwa pang'ono n'kusiya.

Chikundiopsa ndi katsokomoledwe kake. N'kofanana ndi kanu ka mwezi womaliza uja, kouma, kothera m'mwamba. Akayamba ndimatuluka muwodi, ndimakaima pampopi mpaka asiye.

Kunyumba kwatsala timaminibasi tosapenta. Eni ake akuimba foni, sindikuyankha. Ndikapaka ndi bulashi akana, ndikapanda kupaka tidzadya chiyani tikatuluka muno? Chitini chotsala ndachipachika mumtengo wa mango. Kutaya sindingathe, n'chodula.

Amayi, mdzukulu wanuyu simunamunyamulepo, ndipo ndikudziwa mmene munkakondera makanda. Chonde musamuitane. Mumusiye kuno ndi ife, ngakhale ndife osalongosoka. Mulungu akalola atuluke, ndimanga kachisakasa kutali ndi nyumba, pentiyo azithera kumeneko. Ndipo ndikulonjeza kubwera naye kumanda kudzakuonetsani akadzayamba kuyenda, adzafike ndi miyendo yake, n'kubwerera nane kunyumba.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Saidi