Nsalu imene tinakulungira mayi

Bairro Matema, Tete
4 Dezembro 1994

Okondedwa achimwene a Tomás,

Ndikupereka moni kwa inu ndi onse kumeneko ku Lizulu. Kodi mukudzuka bwanji? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno ine ndili bwino. Mlongo wathu Josefina akudzuka, koma kudya sakudya mokwanira. Mvula yayamba, ngakhale kutentha sikunaleke.

Uthenga wanu wafika. Américo, uja amabweretsa mbatata kuchokera ku Angónia, anandipeza pamsika Lachitatu. Anati mwamutuma kuti pa Khirisimasi mubwera ndi nsalu yoyera ndi makasu, mudzafukule mayi, muwachotse m'kapulana, nsalu ya chipani imene tinawakulungira. Anati munalumbira kuti mayi sangagone ndi nkhope ya munthu amene asilikali ake anapha mkazi wanu. Kenako anawonjeza zake, akuseka, kuti mayi athu okha ndiwo apita kukakopa mavoti kwa akufa.

Ndaona kuti ndikulembereni ndekha mmene zinayendera. Américo amanyamula nkhani monga amalongedzera mbatata: zazikulu pamwamba, zowola pansi.

N'zoona, tinawakulunga m'nsalu yokhala ndi nkhope ya amene wapambana upulezidenti. Sindikukana. Koma mumve kaye mmene nsaluyo inalowera m'nyumba mwathu.

Ndinagwira ntchito yomasulira pa misonkhano yake. Sukulu imene ndimaphunzitsa ilibe denga mpaka lero, ndipo a chipani chake ankafuna munthu wodziwa Chipwitikizi, Chinyanja ndi Chinyungwe. Ndinayenda nawo kuyambira ku Degue mpaka ku Ulónguè ndi Tsangano, galimoto iliyonse ikuponda pamene inzake yaponda, kuopa mabomba okwirira. Choncho ndinaona ndi maso anga mmene chisankho amapambanira.

Nyuzi zikunena kuti anapambana chifukwa cholalikira mtendere. Mawuwo analipo, ndinkawamasulira ndine. Koma anthu sankayenda mtunda wonsewo kudzamva mawu. Ankabwera chifukwa kumbuyo kwa galimoto ya zokuzira mawu kunkatsata ina ya nsalu, zipewa ndi malaya.

Akuluakulu oyendetsa ntchitoyo anazindikira msanga chinthu chimodzi. Amayi obwerera kuchokera ku Malawi anabwera ndi nsanza, ena atadzimanga matumba a chimanga cha chithandizo. Mayi wotero ukamupatsa nsalu amaivala tsiku ndi tsiku, kumadzi, kumsika, kutchalitchi. Chipepala chomata pakhoma mbuzi zimadya, koma nsalu imayenda yokha. Pofika mwezi wa Outubro, sukanaoloka mlatho wa Zambezi osakumana ndi nkhope imeneyo pamsana pobereka mwana, pamutu ngati nkhata, pansi atayalapo tomato.

Komabe, achimwene, kuvala si kuvota. Kwathu ku Angónia ndinaona amayi akuvina atavala nkhope yake, akumuimbira mpaka mawu kusasa. Mavoti atawerengedwa, kwathuko anagonja. Anapambana ndi mavoti a kummwera ndi a m'mizinda. Anthu athu analandira nsalu chifukwa anali ausiwa, ndipo m'kachipinda kovotera anachita zimene mtima wawo unafuna.

Ine anandipatsa kapulana imodzi. Ndinampatsa Josefina, chifukwa yake inali itatheratu kumbuyo. Mayi ataiona anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa kuti ndi mfumu yanji imeneyi yolola kukhaliridwa ndi akazi tsiku lonse. Dzina lake sankalidziwa n'komwe, ankangoti bambo wa pansalu.

Mayi anamwalira m'mawa wa tsiku loyamba la kuvota. Anali atadwala kuyambira nyengo yozizira, ndipo nsalu zawo zabwino Josefina anali atasinthanitsa kale ndi mankhwala. Ine ndinali kumalo ovotera, ndikuimira chipani. Tsiku limenelo mbiri inali itawanda kuti mbali inayo, ija inkamenyana ndi boma, yatuluka m'chisankho, ndipo aliyense ankati nkhondo ikuyambiranso. Eni masitolo anatseka ndi zitsulo.

Nditauzidwa, ndinaoloka mlatho kupita m'tauni kukafuna nsalu. Ndinagogoda kuseri kwa sitolo ya munthu amene mwana wake ndimamuphunzitsa. Anandiyankhira m'kati, osatsegula, kuti aphunzitsi pepani, mubwere zikadziwika ngati tili pankhondo kapena ayi.

Inu simunakhalepo ku Tete mu Outubro, kutentha kukafika pachimake. Si ku Lizulu kumene maliro amatha kugona masiku awiri kudikira abale. Pamene ndinkabwerera, ntchentche zinali zitadzaza pakhomo. Dona Rosa, mnansi wathu Mnyungwe amene anasambitsa thupi, ananditengera kuseri n'kundiuza kuti mwanangu, mawa ndi kutali, mayi ako akuyenera kupita lero. Anafunsa nsalu.

M'nyumba munali bulangete limene mayi anadwaliramo, loipitsidwa, ndi nsanza zosakwana kuphimba mwana. Anansi ndi obwerera ngati ife, aliyense nsalu yake ndi imene ili pathupi. Josefina analowa m'nyumba, anavula kapulana ija, anadzimanga thumba, n'kuichapa. Dzuwa la tsiku limenelo linaiumitsa tisanamalize kuimba nyimbo.

Ndinanena kuti mwina aitembenuze, nkhope isaoneke. Dona Rosa anaikweza padzuwa nati yadutsa mbali zonse, anthu amenewa utoto sanaumire. Anatinso akufa sayang'ana zithunzi, chimene amakana ndi kupita maliseche. Tinawaika madzulo omwewo, anthu ochepa, ena inki ya voti ili kuchala.

Za mkazi wanu, mlamu wanga Lyness, sindinaiwale. Ndinali nanu pamene tinamupeza kudimba. Koma ndinena zimene ndikudziwa basi. Amene anabwera tsiku lija analibe yunifolomu, ndipo mudzi wathu unatenthedwa ndi mbali zonse ziwiri, wina chaka chino, wina chaka chinacho. Inu mukuti mukuwadziwa. Mwina mukuwadziwadi. Sindikukupemphani kuti mumukonde munthuyu, kapena kuti mukhululukire aliyense. Chimenecho ndi chanu.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Musafukule mayi.

Ndikuuzeni mosabisa chimene mudzapeze. Pofika Khirisimasi padzakhala patapita miyezi iwiri. Bokosi panalibe, tinawaika m'mphasa, ndipo mvula yalowa kale pansi. Sadzakhala mayi oti mungawanyamule n'kuwasintha chovala. Nsalu ndi thupi zasanduka chinthu chimodzi, ndipo nkhope mukudana nayoyo ikuwola pamodzi nawo. Ndinaona zotere paulendo wina, pamene okonza msewu anakumba mosadziwa manda a nthawi ya nkhondo. Ameneyo anali mayi wa munthu wina, koma ndinatha masiku osadya nyama.

Inu simunawaone akudwala. Mukawakumbukira, mumawaona ali ndi dengu pamutu, akukalipira nkhuku. Ine ndi Josefina mwayi umenewo tilibe. Musautaye wanu.

Ndiyeno pali Josefina. Mawu anu anamufika kudzera kwa amayi a pamsika, ndipo pofika kwa iye anali atakula. Anamuuza kuti munati iye anagulitsa mayi kuchipani. Sindikhulupirira kuti munanena choncho, koma iye akukhulupirira. Kumsika anasiya, kutchalitchi anasiya. M'mawa amandifunsa ngati anachimwa, ndipo ndikamuyankha kuti ayi amangoyang'ana khoma.

Wanena kuti tsiku limene mudzakumbe, iye adzadziponya mu Zambezi. Mumandidziwa, sindithamangira kukhulupirira mawu a munthu wolira. Koma awa amawanena mobwereza, maso ali ouma, uku akusesa. Dona Rosa anandichenjeza kuti aphunzitsi, mabuku anu muwatseke pang'ono, muyang'ane mlongo wanu. Tsopano akapita kukatunga madzi, Dona Rosa amapita naye.

Mtsikana ameneyu ndiye ankawatembenuza mayi pamphasa miyezi yonseyi, inu muli ku Malawi, ine ndili pamwamba pa galimoto kumasulira malonjezo. Pamapeto anavula chovala chake chokha kuti mayi apite ovala. Mwa ife atatu, ndi iye yekha amene anachita chinthu tsiku limenelo.

Nsalu yoyera mwagulayo bwerani nayo. Tidzaiyala pamanda popemphera, kenako mudzampatse Josefina ndi manja anu, anthu akuona.

Manda alibe mtanda. Ndinapangitsa kwa mmisiri, dzina la mayi lalembedwa, koma sindinauzike. Uli m'chipinda mwanga, ukudikira inu mwana woyamba.

Kumanda kumene tinawaika, mitumbira yatsopano yopanda dzina yachuluka chaka chino, ndipo mvula ikuifananitsa. Mlendo sangadziwe kuti wake ndi uti. Mukabwera opanda makasu, ndidzakuperekezani ndekha mpaka pamutu pa mayi. Mukabwera nawo, ndidzakulandirani monga mkulu wanga, madzi ndi pogona mudzapeza, koma manda sindidzakulozerani. Dona Rosa nayenso wavomera kuti sadzaloza. Ndakuuzirani kale kuti musadzati ndinakuchitani chiwembu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Castigo ndi azakhali, muwauze kuti mlongo wawo anagona atasambitsidwa ndiponso atavekedwa. Mundipatsirenso moni ana anu, Hélder ndi Yara. Yankho lanu mulembe papepala, ndipo ngati mungathe, mzere woyamba ukhale wa Josefina.

Mulungu akusungeni, akupatseni tulo, ndipo akufikitseni kuno bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Hilário