Nsapato Zobwereka ndi Galimoto ya Mfumukazi

Amayi anga, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ine kuno ku Doha ndili bwino, ndipo lero mtima ukungodumphadumpha, moti mukaona zilembo zapendekeka musadabwe. Ndili ndi nkhani yabwino, komanso ndili ndi mlandu woti ndiulule kwa inu. Koma ndiyambe ndi za kumudzi, paja munkadana ndi munthu wongofikira kunena zake.

Mwana wanu Chisomo anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Pa chithunzi chimene ananditumizira pa foni, mphuno ndi yanu yeniyeni. Chimanga sichinachite bwino chifukwa mvula inakokolola munda wa kumunsi, koma nandolo wabereka kwambiri. Denga la khitchini likudonthabe. Alamu akuti alikonza mvula isanayambe, mawu omwe aja ananena chaka chimene tinakuikani m'manda.

Tsopano khalani pansi. Mfumukazi yanu ija ya ku Mangalande yamwalira. Yapita ili ndi zaka 96, italamulira zaka 70. Tangoganizani, Amayi, inalowa ufumu inu musanabadwe, ili mtsikana wa zaka 25, wocheperapo kwa ine pano. Uthenga wa imfa ya bambo ake unaipeza ili paulendo ku Kenya, ndipo kuyambira tsiku limenelo sinatulenso katunduyo. Kutatsala masiku awiri kuti imwalire inali ikugwirabe ntchito, itatsamira ndodo, ikumwetulira. Nditaona chithunzicho ndinakumbukira inu mukusoka yunifomu ya mwana wa eni, miyendo itatupa kale.

Mukudziwa kuti pa nkhani ya Mfumukaziyi ine ndi inu sitinkamvana. Nditabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite, mutu utadzaza ndi mbiri yakale, ndinakuuzani za minda yolandidwa ku Thyolo imene inali idakali ndi azungu ndi za anthu amene anamangidwa nthawi ya chitaganya, zonsezo iyo itavala chisoti chaufumu. Munandimvetsera mpaka pamapeto, kenaka munati, “Zoona zimenezo, mwananga. Koma ine ndikunena za chipewa.” Mpaka lero sindinasinthe maganizo pa zimene ndinanenazo. Koma zachipewazo ndazimvetsa tsopano.

Mudzi wonse unkadziwa kuti munaiona Mfumukazi ndi maso anu itabwera ku Malawi, muli sitandade 7, mutaima m'mbali mwa msewu wochokera ku Chileka ndi kambendera kapepala. Chipewa chimene inavala tsikulo chinkasintha mtundu mukamafotokoza. Kwa azimayi a ku tchalitchi chinali chachikasu, kwa makasitomala chinali chabuluu. Zoona zake munandiuza ine ndekha, kuchipatala. Nsapato munabwereka kwa asuweni anu, zazikulu, munachita kuikamo nyuzipepala. Aphunzitsi anali atachenjeza kuti wosaoneka bwino achititsa manyazi sukulu yonse. Munaima padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo lamba wa nsapato atamasuka munawerama kuti mumange. Nthungululu zinaphulika muli chiweramire. Mmene munkadzutsa mutu n'kuti kutatsala fumbi ndi msana wa wapolisi pa njinga yamoto. Munaseka mpaka kutsokomola, kenaka munandigwira dzanja. “Usauze munthu. Ndipo iwe dzutsa mutu, pansipo sunatayepo kanthu.”

Amayi, ndauza anthu. Mumve kaye mmene zinachitikira.

Kuhotela kumene ndimagwira ntchito ku Al Dafna, zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikunyamula thireyi ya tiyi. Palibe ankadziwa kuti ndili ndi digiri, kupatula Asiyatu wa ku Mangochi amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Akuluakulu a hotela analengeza kuti akufuna anthu a pa risepishoni chifukwa cha alendo a mpira wa dziko lonse. Fomu ndinatenga, ndinalemba bwinobwino, n'kuisiya m'chikwama milungu itatu. Ndikafika pakhomo la ofesi ya madamu amene amatiyang'anira, ndinkadzifunsa kuti ndine yani ine, n'kubwerera. Asiyatu ankati, “Yalla, fulumira, Tiya, pepalalo ukulifungatira kuti liswe anapiye?”

Tsiku la maliro a Mfumukazi, masana, anaika TV yaikulu mu holo kuti alendo a ku Mangalande aonere. Lamulo lathu ndi lodziwika: wantchito sayang'ana TV, ndipo chinthu chikagwa pansi umatola pomwepo. Ndinali pa tebulo la gogo wina wachizungu pamene zitoliro zinayamba kulira, asilikali akukoka bokosi ndi zingwe, chisoti chili pamwamba. Nthawi yomweyo supuni inatsetsereka pa thireyi n'kugwera pafupi ndi nsapato yanga. Msana unali utayamba kale kupindika. Ndiye ndinakumvani, Amayi, ngati muli kumbuyo kwangaku.

Sindinatole. Ndinaima chilili, thireyi m'manja, ndipo ndinaiona Mfumukazi ikudutsa kuyambira kumayambiriro mpaka inakhota. Ndinakuonerani inu. Misozi inkangotsika, ine wa mbiri yakale uja, wotsutsa uja!

Gogo uja anandikoka mkono n'kundifunsa kwathu. Masiku onse ndimangoti ku Africa n'kuthawa. Tsiku limenelo ndinati ku Malawi, ndipo pakamwa panatseguka. Ndinamufotokozera za nsapato, za nyuzipepala, za chipewa chosinthasintha, m'Chingerezi chija munachilipirira ndi makina osokera. Anthu a matebulo oyandikana anatembenuka. Gogoyo anaseka akulira, n'kunena kuti Mfumukazi inkavala zowala dala, kuti ngakhale munthu wakumbuyo anene kuti waiona. Ndinayankha kuti woweramayo sinamuganizire. Anasekanso onse. Nditacheuka ndinaona madamu ataima pakhomo, maso ali pa supuni ija.

Mawa lake anandiitana ku ofesi. Asiyatu anati, “Khalas, zako zatha, uzikalima nandolo.” Koma anandisitira yekha bulauzi. Ndinalowa ndikudziwa kuti ndikukalandira kalata ya chenjezo. Madamu anandiuza kuti ndinaphwanya malamulo awiri nthawi imodzi, ndipo ndisadzabwerezenso. Kenaka anafunsa chifukwa chimene munthu wotha kukhazika holo yonse chete wakhala akubisala kuseri kwa thireyi. Ndinangopisa m'chikwama n'kutulutsa fomu ija, itakwinyika ngati yokulungira mandasi, ndipo ndinaipereka ndikuwayang'ana m'maso.

Intavyu inali sabata yatha. Dzina langa laikidwa pa bolodi lero m'mawa. Amayi, ndatengedwa! Ndiyamba Lamlungu, paja kuno sabata imayamba tsiku limenelo. Ndawerenga dzinalo kanayi kuopa kuti pali Tiyamike wina. Mantha alipo, sindinama. Mwina ndikasokoneza makiyi a zipinda tsiku loyamba lomwelo. Koma ntchito yake ndi yoimirira n'kumayang'ana munthu aliyense wolowa pakhomo, ndiye pansi sindidzapezanso mpata wopayang'ana.

Mundikhululukire poulula chinsinsi chanu kwa azungu osawadziwa. Kumudzi sindinauze aliyense, ndipo kwa azimayi a ku tchalitchi chipewa chikadali chachikasu. Ngati mwakumana nayo kumeneko, iyang'anitsitseni ndithu, ulendo uno musafulumire.

Ndikukulonjezani chinthu chimodzi. Kamwana ka Chisomo kakadzayamba sukulu, nsapato ndidzagula ndine, zokakwana bwino, za lamba wosamasuka.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike