Kaukonde ka Mayi a Sidra

Lolemba, 8 Januwale

Nkhungu tsiku lonse. Ndagulitsa malalanje okwana kudyetsa Punjab yense. Mumsika wa Sargodha mulibe wina wa pakamwa ngati ine Mushtaq.

Koma ndavulala. Malo ake osatchulika. Kukandika pang'ono chabe, koma ndinabuula mpaka njati yoweta ya aneba inasiya kudya. Dokotala wa pangodya anayang'ana, nati: “Achimwene, inu simukudwala. Chakukandanicho chili mwa akazi anu. Anachitidwapo opaleshoni?”

Inde, zaka ziwiri zapitazo. Chibadwire mwana wathu wachisanu, mkazi wanga Shagufta akatsokomola kapena kunyamula ndowa, mkodzo unkadontha. Anamuika kaukonde kapulasitiki kogwirira njira ya mkodzo. Ndinkadzitama nako kumsika: mkazi wanga ali ndi katundu wa ku Ulaya m'thupi.

Kunyumba ndamufunsa. Anangondiwonjezera shuga mu tiyi.

Lachinayi, 11 Januwale

Zikubwera m'mutu chimodzichimodzi. Anasiya kukwera kumbuyo kwa njinga yanga yamoto. Ndinati akuopa liwiro langa. Anayamba kuswali, mapemphero athu a Chisilamu aja, atakhala pampando. Ndinati mawondo, n'kumugulira mafuta a mpiru. Chapati akuphika choimirira.

Ndiye kuseka. Kale, zaka khumi ndi ziwiri, ndikayamba nthabwala iye ankatuluka m'chipinda. Ine, amene ndinaseketsa wapolisi mpaka anaiwala chomwe anandiimitsira. Atamuika kaukonde anayamba kuseka, mbale kugwedera pashelefu. Miyezi ingapo basi. Kenako zii.

Sidra, mwana wathu woyamba, wapeza dokotala wachizimayi ku Lahore. Akuti ndi katswiri wa zomwezi.

Lachiwiri, 16 Januwale

Lahore. Dokotala Tehmina. Kamunthu kakafupi, magalasi, ndingakanyamule ndi dzanja limodzi.

Ndinachita monga timachitira tonse: mwamuna ndiye amayankhula kwa adokotala, mkazi maso pansi. Anafunsa: “Pakupweteka pati, achemwali?” Ine: pang'ono chabe, adokotala, akazi akwathu ndi olimba. Anafunsanso, ndinayankhanso. Kachitatu anaika cholembera pansi.

“Achimwene, kaukondeko kali mwa inu?”

Ayi.

“Panjapo pali benchi yabwino kwambiri.”

Bodza. Benchi yake youma ngati mwala. Ndinakhalapo mpaka ndevu kumera.

Atandiitana, Shagufta maso ofiira koma khosi chilili. Adokotala anajambula papepala. Kaukonde kaboola mnofu, katulukira m'njira yachikazi, m'mphepete mwake ngati waya. Magazi, mafinya, thupi kutentha kawirikawiri. Miyezi khumi ndi inayi.

Kenako anatsegula buku la chipatala chomwe anamuikira kaukonde. Tinapitako katatu kukaonetsa. Katatu konse munalembedwa kuti ali bwinobwino. Analoza ndi chala: “Awa ndi mawu a ndani?”

Anga.

Ine kandikanda kamodzi, mudzi wonse wamva. Iye miyezi khumi ndi inayi, ndipo sanandikane ngakhale tsiku limodzi.

Lachitatu, 17 Januwale

Dzulo sindinamalize. Adokotala anati mankhwala opaka sangatseke, bala ndi lalikulu. Kachotsedwe. Koma sanabise: kakachoka, kudontha mwina kubwerera, mwina ayi. Kukabwerera, pali masewera olimbitsa minofu ya kumusi, ndipo pakatha miyezi angathe kupanga kalamba kena kuchokera pamimba pake pomwe, opanda pulasitiki. “Musayankhe lero. Ndipo oyankha ndi inu, achemwali.”

Shagufta wakana. Anandiuza m'basi, maso pawindo: “Ululu suononga swala, Bambo a Sidra. Dontho limaononga.” Kusamba ndi kusintha zovala kasanu patsiku, m'kuzizira kwa Januwale. Kuukwati kukhala pafupi ndi khomo, osamwa ngakhale madzi.

“Ndiponso inu mumaseketsa. Zaka khumi ndi ziwiri ndinkakuthawani. Ndinkamvera kukhitchini, nditapana miyendo.”

Ndiye nthabwala zanga sizinasukuluke. Ndinafuna kunyada, sizinatheke.

M'kamwa munadzadza mawu oti tachotsani basi. Ndinameza. Kuchokera Lahore mpaka Sargodha, Mushtaq osayankhula. Wina akamva sangakhulupirire.

Lamlungu, 21 Januwale

Masiku anayi osatchula nkhaniyo. Lilime latupa. Ndikuyankhula ndi malalanje.

M'mawa ndamuona akukhala pampando wa swala. Mwapang'onopang'ono, mbali imodzi, mano ali gwa. Ndakhala ndikuona zimenezi chaka chonse osaziona.

Masana foni. Dokotala Tehmina mwini wake, Lamlungu. Ndinakonza kukhosi kuti ndifotokoze. “Achimwene, apatseni eni ake.” Anacheza nthawi yokwana kuphika biriyani. Ndamva kwa Sidra kuti adokotala anauza mayi ake kuti nawonso amaswali, ndipo chipembedzo chinapeputsa malamulo kwa munthu wodwala chotere, akafunse kwa mayi ophunzitsa atsikana Qur'an. Dokotala wa mpeni wodziwanso za swala. Akanakhala wamwamuna ndikanamupatsa mwana wanga wamkazi.

Lolemba, 29 Januwale

Anapita kwa mayi aja, anabwera osanena kanthu. Masiku anayi athunthu. Lachisanu akundipatsa chapati anangoti: “Mugule matikiti a basi.”

Lero tagonekedwa. Iye wagonekedwa, ine ndili pabenchi yanga ija, tazolowerana. Namwino anabweretsa pepala lovomereza kwa ine, mwachizolowezi. Cholembera ndinachigwira ndithu. Kenako ndinakankhira kwa Shagufta. Analemba dzina lake pang'onopang'ono, lilime pakona. Zilembo zokongola kuposa zanga, chikhalirecho ine ndinafika kalasi yachisanu, iye yachitatu.

Lachitatu, 31 Januwale

Dzulo. Maola atatu. Ndinayenda pakhonde mtunda wofika ku Karachi.

Adokotala anatuluka ndi kabotolo. M'katimo kansanza, kofanana ndendende ndi thumba la ukonde lomwe ndimaikamo malalanje. Katundu wanga wa ku Ulaya uja. Akuti kanali katalukana ndi mnofu, anakachotsa ulusi umodziumodzi, kenako n'kulowetsa kamera kuona ngati chikhodzodzo chabooka. Sichinabooke. Manja amenewo angasende lalanje osalidzutsa kutulo.

Ndinabweretsa bokosi lonse la malalanje osankha. Anatenga awiri, ena onse kuwodi.

Malamulo: masabata asanu ndi limodzi osanyamula, osakwera njinga yamoto, ine osayandikira. Ndinafunsa za nthabwala. “Zing'onozing'ono zokha, achimwene. Ndasoka bwino, musandiphwasulire.”

Shagufta atatsitsimuka, mawu oyamba: “Mwadya?”

Loweruka, 17 Febuluwale

Ndine wophika wamkulu. Chapati zanga akuti zingathe kuvalidwa kumapazi.

Pabala pakumupwetekabe, koma akuti ndi ululu wina, womwe ukupita. Waya uja palibe.

Dzulo anayetsemula, n'kuima chilili. Anapita kubafa osandiyang'ana. Kwabwerera. Pang'ono, koma kwabwerera.

Ndasiya nthabwala zonse m'nyumba. Zikuluzikulu ndi zing'onozing'ono zomwe.

Lachinayi, 14 Malichi

Lachiwiri tinali ku Lahore. Ndinapita ndekha pabenchi osauzidwa. Bala latsekeka. Zolimbitsa minofu katatu patsiku, za kalamba kaja adzakambirana mu Juni, awiriwo.

Lero swala ya masana waswali pamkeka. Chipumi pansi. Mpando uja ndautulutsa, pakhala mphaka.

Atamaliza anandipeza pakhonde ndikusenda lalanje. “Bambo a Sidra, m'nyumba muno muli maliro? Mwezi wathunthu. Tandiuzeni momwe munalirira tsiku lomwe munakandika lija.”

Ndinati ayi, mukudziwa chomwe chichitike. Anati akudziwa bwino kuposa ine, ndipo oyankha ndi iye.

Ndinayamba. Ndinaika njati, ndinaika aneba akuthamanga ndi zidebe poganiza kuti kwabuka moto, ndinaika dokotala wa pangodya akufunafuna bala ndi tochi. Pa tochipo ndi pomwe anaphulika. Mbale kugwedera pashelefu, mphaka kuthawa. Kenako anaima. Ndinaona pankhope kuti zachitika.

Anadzuka osathamanga. Kubafa, madzi kukhavukira, kabati kutseguka. Ndakhala pano ndi bukuli, lalanje theka m'manja, kuganiza kuti basi, abwerera kukhitchini kwa zaka zina khumi ndi ziwiri.

Wabwera. Zovala zina. Wakhala pansi pafupi nane, pansi penipeni, watenga lalanje langa. Akuti nditseke bukuli, nkhani ija ndinalekera pa tochi, ndi…